Kenya Ili ndi Timu ya Curling, Nanga Ayezi Ali Kuti?

Dziko la Kenya linalowa m'bungwe loyendetsa masewera a curling padziko lonse mu 2021, Nigeria italowa kale mu 2018. Mu Africa muno maiko awiriwa ndi amene anatsegula njira. Ine ndine mphunzitsi kuno ku Chikwawa, ndipo pasukulu pathu za masewera zinagwera ine, osati chifukwa ndinaziphunzira, koma chifukwa tsiku logawana maudindo anzanga anafulumira kukana. Ndiye nkhani ngati zimenezi ndimazitsata. Ndikamauza anthu za curling amayamba afunsa kuti ndi masewera amtundu wanji. Ndikafotokoza amaseka, n'kufunsa kuti a ku Kenyawo ayezi akamutenga kuti. Iwo amafunsa mwachipongwe, koma nkhani yonse yagona pa funso lomwelo.

Kwa amene simunaonepo, bwalo lake ndi kanjira ka madzi oundana, kotalika mamita pafupifupi 45, m'lifupi osafika mamita 5. Kumapeto konse kuwiri anajambulako mizere yozungulira, wina mkati mwa unzake. Timu imakhala ndi anthu anayi ndi miyala 8. Mwala uliwonse umalemera pafupifupi makilogalamu 20, ndi wozungulira koma wophwatalala, ndipo pamwamba pake pali chogwirira. Woponya amanyonyomala, n'kudzikankha ndi phazi, n'kutsetsereka limodzi ndi mwalawo, kenako amausiya akuupotoza pang'ono. Kupotozako kumachititsa kuti mwala uzipita ukukhota, moti ukhoza kuzungulira mwala wa timu inayo n'kukabisala kuseri kwake. Miyala yonse 16 ikatha, amene mwala wawo wayandikitsitsa pakati ndiwo apata, ndipo amawerenga mwala wawo uliwonse umene waposa mwala wabwino kwambiri wa anzawowo. Amatero ka 8 kapena ka 10, masewera n'kutha.

Chimene chimapha anthu ndi phwete ndi masache. Mwala ukamapita, anthu awiri amathamanga m'mbali mwake akukwecha ayezi kutsogolo kwake mwamphamvu, kaputeni ali kutsidya akukuwa ngati kwagwa ngozi. Ndinaonetsa kavidiyo kake azakhali anga ku Ngabu, tili pansi pa mtengo wa nimu masana dzuwa likuswa mtengo. Anaigwira foni patali ndi maso, n'kuyang'ana nthawi ndithu.

"Mwana wa achimwene," anatero, "anthu akuluakulu, ndevu pepeya, kulimbirana kusesa? Kunyumba kwawo amasesa choncho?"

Ndinayesa kuwalongosolera kuti sikusesa zinyalala. Masewera asanayambe, wokonza bwalo amayenda chammbuyo akuwaza timadontho ta madzi, monga mmene mayi amawazira pakhomo asanasese kuti fumbi lisabuke. Timadonthoto timaundana n'kukhala titotupa, ndipo mwala umayenda pamwamba pa titotupato. Kunsi kwa mwala n'kofukuka, chimene chimakhudza pansi ndi kamkombero kopyapyala basi. Okwecha aja amatenthetsako pang'ono pamene mwala ukudzera, ndiye umapita patali kuposa pamene ukanaima, komanso kukhota kwake kumasintha. Kusiyana kwa kupata ndi kugonja nthawi zina kumakhala kochepa kuposa chala, moti amachita kuyeza ndi chida. Azakhali anangoti, "Chabwino, koma ine ndikanawapatsa pakhomo panga pano," n'kubweza foni.

Apa ndi pamene funso la ayezi limakulira. Curling safuna madzi oundana wamba. Bwalo liyenera kukhala losalala mofanana paliponse, kuzizira kwake kosasinthasintha, madzi ake oyera. Pamalo pamene anthu akhala akutsetserekapo ndi nsapato za mipeni pamakhala mikwingwirima, mwala sumvera. Maiko ambiri atsopano amayamba ndi kubwereka bwalo loterolo usiku kapena m'mamawa, koma osewera ake akafika pa ayezi weniweni wa mpikisano amapeza kuti mwala umene ankaudziwa si womwewo.

Masewerawa kwawo ndi ku Scotland. Kumeneko kuli mwala wakale wolembedwa chaka cha 1511, ndipo kale ankasewerera pa maiwe ndi nyanja zikaundana m'nyengo yozizira. Malamulo anawaika pamodzi mu 1838 pamene anakhazikitsa kalabu yaikulu ku Edinburgh, imene Mfumukazi Victoria anaivomereza kukhala yachifumu mu 1843. Anthu a ku Scotland kulikonse kumene anapita n'kupezako chisanu, anapita nayo miyala yawo. Ku Montreal kalabu inayamba mu 1807, ndipo lero Canada ndi imene ili ndi osewera ochuluka kuposa dziko lina lililonse. Pa Olimpiki curling anaoneka mu 1924 ku Chamonix, n'kudzabwerera mokhazikika mu 1998 ku Nagano. Bungwe la padziko lonse linayamba mu 1966 ndipo likulu lake lili ku Perth, ku Scotland komweko. Ngakhale miyala ya pa Olimpiki imachokera pa kachilumba kamodzi ka ku Scotland kotchedwa Ailsa Craig, ndipo imasemedwa ndi kampani ya Kays. Miyala ina ya curling imachokera ku mgodi wa Trefor ku Wales. Ndiye amene akufuna kuyambitsa curling ku Nairobi kapena ku Lagos, mwala womwe ayenera kuuitanitsa kunja, m'dziko lodzaza ndi miyala.

Ndikaganiza zimenezi ndimaseka ndekha, chifukwa anthu a ku Scotland kuno si alendo. David Livingstone anadzera mumtsinje wa Shire womwewu mu 1859 mpaka mathithi a ku Kapichira anamuimitsa. Amakololo amene anabwera naye anatsala m'chigwa muno, ndipo maina a mafumu ngati Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima akuchitira umboni mpaka lero. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, dzina lake n'kutengera mudzi umene Livingstone anabadwira. Anatisiyira tchalitchi, sukulu ndi nyimbo. Gofu, amene kwawonso ndi ku Scotland, anafika mpaka pa Nchalo pano. Koma mwala ndi tsache anazisiya kwawo. Anali anthu odziwa kuwerengera, ndipo anangomva kutentha kwa mwezi wa Okutobala m'chigwa muno n'kudziwa kuti apa palibe nkhani.

Nanga zatheka bwanji kuti lero Kenya ndi Nigeria akhale ndi matimu?

Mmene ndikuonera ine, masewera atsopano amalowa m'dziko m'njira ziwiri. Ina imayambira pamwamba. Anthu ochepa amakhala pansi, amalemba malamulo a bungwe, amasankhana maudindo, amatumiza makalata ku likulu, ndipo akavomerezedwa dziko limakhala ndi mpando komanso ufulu wotumiza timu ku mipikisano. Bungwe la padziko lonse nalonso limakondwa, chifukwa masewera a pa Olimpiki amene amaseweredwa ndi azungu okhaokha a kumaiko ozizira amakhala ndi chowayankhitsa. Limathandizanso mamembala atsopano ndi zipangizo ndi maphunziro. Nigeria inadzera njira imeneyi. Mu 2019, patangotha chaka italowa, mbendera yake inali kale ku Stavanger m'dziko la Norway pa mpikisano wa padziko lonse wa awiriawiri, mwamuna ndi mkazi. Osewera ake, Tijani Cole ndi Susana Cole, anali okhala ku America, kumene ayezi sasowa. Anagonjetsako France, ndipo sindingawachotsere ulemu umenewo. Koma mwana wa ku Lagos tsiku limenelo anali asanauonebe mwala wa curling ndi maso.

Kenya ili ndi mwayi pang'ono chifukwa ku Nairobi kuli bwalo la ayezi mu hotela ya Panari. Ndi laling'ono, analimangira anthu ofuna kusangalala, ndipo pamene bungwe la curling limavomerezedwa, mliri wa Covid unali utalitseka. Ndiye osewera anayamba kuphunzirira pansi pouma mu holo, ndi miyala yopepuka yokhala ndi timawilo kunsi. Mu 2022 matimu a Kenya ndi Nigeria anakasewera ku Calgary m'dziko la Canada, m'gulu lachiwiri la mpikisano wa maiko a ku America, Asia, Africa ndi Pacific. Mu 2024 achinyamata a ku Nigeria anafika pa Olimpiki ya achinyamata ya m'nyengo yozizira ku South Korea, atakonzekera kwambiri pansi pouma. Zotsatira zinali zowawa. Palibe chodabwitsa, poti anzawo amene ankalimbana nawo anakulira pa ayezi.

Bwalo limene achinyamatawo anasewerapo, la ku Gangneung, ndi lomwe mu 2018 atsikana a ku South Korea anapatirapo mendulo ya siliva pa Olimpiki ya akuluakulu. Nkhani ya atsikana amenewa ndi imene imandionetsa njira yachiwiri ija, yoyambira pansi, ndipo ndikamaiwerenga ndimachita nsanje.

Anayi mwa iwo anachokera ku Uiseong, dera la kumudzi la anthu pafupifupi 50,000, lodziwika ndi ulimi wa adyo. Mu 2006 kumeneko anamangako nyumba ya curling. Sanaimange mu likulu la dziko, anaimanga m'tauni ya alimi, pafupi ndi sukulu. Kim Eun-jung ndi mnzake Kim Yeong-mi anayamba kupitako akaweruka, popeza m'tauni yaing'ono mulibe zochita zambiri. Mng'ono wake wa Yeong-mi, dzina lake Kyeong-ae, analowa potsatira mkulu wake, n'kukokanso mnzake Seon-yeong. Patatha zaka 12 chimangire nyumba ija, ana omwewo anagonjetsa Canada, anagonjetsa Japan mu ndime yachiwiri kwa yomaliza, n'kukagonja kwa Sweden pa fainolo. Dziko lonse la Korea linaphunzira malamulo a curling m'masabata awiri, anthu n'kumakuwa "Yeong-mi!" m'nyumba zawo potengera mmene kaputeni ankaitanira mnzake kuti akweche.

Ku Japan zinayenda chimodzimodzi, mwinanso mochititsa chidwi kuposa apa. Tauni ya Tokoro pa chilumba cha Hokkaido ndi ya asodzi ndi alimi. Cha m'ma 1980, anthu atabwera kuchokera ku Canada kudzaphunzitsa masewerawa m'chigawocho, bambo wina wogulitsa mowa m'tauniyo anawakonda, n'kuyamba kuthira madzi panja usiku kuti aundane. Miyala yeniyeni analibe, ndiye ankapanga yawoyawo ndi zitini za mowa ndi za gasi. Mu 1988 anamanga holo, curling n'kulowa pa ndandanda ya maphunziro a m'sukulu. Timu ya amayi yochokera m'dera lomwelo inatenga mendulo yachitatu mu 2018, n'kutenga siliva mu 2022 ku Beijing. Kuchoka pa zitini kufika pa mendulo panadutsa zaka pafupifupi 40.

Wina anganene kuti ku Korea ndi ku Japan kumazizira kale, ndiye n'zosavuta. Zoona, koma Italy nayonso ndi yozizira kumpoto, ndipo pofika mu 2022 osewera curling kumeneko anali mazana ochepa chabe. Komabe Stefania Constantini ndi Amos Mosaner anatenga golide mu 2022 osagonjako ngakhale kamodzi. Constantini kwawo ndi ku Cortina d'Ampezzo, katauni ka m'mapiri kamene kali ndi bwalo. Kulikonse kumene ndayang'ana ndikupeza chinthu chimodzimodzi: malo amodzi amene mwana angafikeko wapansi, otsegula tsiku ndi tsiku, ndi munthu wamkulu mmodzi amene sachokapo. Kuchuluka kwa anthu m'dziko kulibe kanthu. Nigeria ili ndi anthu oposa 200 miliyoni, Uiseong ndi kadera ka alimi.

Zimenezi ine ndinaziona ndi maso pasukulu pathu, ngakhale panalibe ayezi. Chaka china kunabwera bungwe ndi masewera atsopano, a ndodo ndi kampira. Anafika pa galimoto yoyera, anagawa malaya, panali zolankhula, ana anavina, tinajambulitsa. Zipangizo zinali zabwino, zonunkhira utsopano. Alendo atangotembenuza galimoto, zonse zinalowa mu sitolo n'kukhoma, poopa kuti zikasowa wina adzayankha mlandu. Kiyi anali ndi munthu mmodzi, amene Loweruka sapezeka. Ana anafunsa sabata yoyamba, yachiwiri, kenako anabwerera ku mpira wawo wa mapepala. Tsiku limene tinadzatsegula kuti tiwerenge katundu, ndinanyamula ndodo imodzi n'kutsala ndi theka m'manja. Chiswe chinali chitadya mkati monse, kunja kukuoneka bwinobwino ndi chizindikiro cha bungwe chili mbee. M'malipoti a kwinakwake, sukulu yathu mwina ikuwerengedwabe kuti imasewera masewera amenewo.

Tsono yang'anani pool. Palibe nduna imene inabwera kudzakhazikitsa pool m'chigwa muno, palibe anagawa malaya. Koma yendani pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula mpaka ku Nsanje boma, tebulo mulipeza pakhonde la golosale, nsalu yake yong'ambika ataimata, mwendo umodzi atauchirikiza ndi kachidutswa ka katoni, anyamata atazungulira kudikira kuti wogonja atuluke. Ena mwa anyamata amenewa amawerenga makona bwino kuposa mmene amachitira pa bolodi m'kalasi mwanga, ndipo zimenezo zimandipweteka pang'ono. Pool anamera chifukwa mwini tebulo amapeza kangachepe akatsegula, ndiye amatsegula tsiku lililonse. Mpira wamiyendo nawonso sunadikire Kalulu Stadium. Unayamba wadzaza m'mabwalo a fumbi, sitediyamu n'kubwera pambuyo.

Ndiye ndikamaona zithunzi za akuluakulu a mabungwe a curling a mu Africa atavala majekete a mbendera ku Canada, mtima wanga umagawikana. Mbali ina imati awa ndi aja a galimoto yoyera. Masewera amene ali ndi komiti koma alibe bwalo amasanduka njira yokwerera ndege, ndipo ife kuno tikudziwa mmene anthu amamenyeranirana maudindo a m'mabungwe a masewera pakakhala ma alawansi. Ngakhale ku Korea kuja, kumene zinayamba bwino, kumapeto kwa 2018 atsikana a siliva aja anatulukira poyera kudandaula kuti akuluakulu owayang'anira ankawazunza ndi kuwabisira ndalama za mphotho, ndipo kafukufuku wa boma anapeza kuti zambiri zinali zoona. Masewera akakhala m'manja mwa banja limodzi kapena kagulu kamodzi, mendulo siiteteza wosewera.

Mbali inayo imandiletsa kuseka. Mtsikana wa ku Nairobi amene anakwera ndege koyamba chifukwa cha mwala wa timawilo, n'kukaima pa ayezi ku Calgary mawondo akunjenjemera, wapeza chinthu chenicheni, kaya timu yake inagonja bwanji. Ndipo pepala la umembala lija lili ndi ntchito yake. Popanda umembala palibe amene angakupatse miyala, palibe mphunzitsi wakunja angabwere, ndipo wabizinesi amene akuganiza zomanga bwalo alibe woti akambe naye. Vuto limabwera pamene pepala lakhala zaka ndi zaka osabala bwalo. Ine chimene ndizidzayang'ana pa Kenya ndi Nigeria si malo amene athera pa mpikisano. Ndizidzayang'ana ngati maina a osewera akusintha, ngati akubwera ana atsopano ochokera m'sukulu zodziwika, komanso ngati kwinakwake kwayamba kumangidwa kanjira ka mamita 45 kamene sikabwerekedwa kwa wina aliyense.

Za kuno kwathu tisanamizane. Walira mvula walira matope, ndipo amene akufuna curling akufunanso bilu ya magetsi. Ku Ngabu m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Kuti madzi akhale oundana usana ndi usiku m'nyumba yaitali choncho pamafunika makina osapuma. Ife magetsi amapangidwa pakhomo pathu pomwe pa Kapichira, koma namondwe Ana atawononga damu mu Januwale 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo amayi ogulitsa mafirizesi pamsika anaona okha mmene katundu amasungunukira mu firiji. Kenako mu Malichi 2023 Freddy anabwera, makalasi n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi. M'chigwa chimene zipatala zimavutika kusunga katemera pozizira, munthu wobwera ndi pulani ya bwalo la ayezi ndingamuthire madzi akumwa n'kumuperekeza pa siteji. Ngakhale ma Queens athu, amene dziko lonse limawadziwa pa netball, anakhala zaka zambirimbiri akukonzekera mipikisano ya padziko lonse pa bwalo la panja.

Koma ija ya timawilo yandikhala m'mutu. Ndiyenera kunena poyera kuti imeneyo si curling yeniyeni. Palibe kukwecha, mwala sukhota mofanana, ndipo mwana amene waiphunzira ndisadzamunamize kuti ali pa njira ya ku Olimpiki. Chimene yatsala nacho ndi kuwerengera mphamvu ya dzanja, kutchinga njira, kuganiza miyala iwiri kutsogolo, ndi mwambo wina umene ndimaukonda kwambiri: mu curling wosewera akakhudza mwala mwangozi amadziulula yekha, ndipo timu ikaona kuti singapezenso anzawo imavula magolovesi n'kukapereka moni, masewera n'kuthera pomwepo. Amene anaimbirapo mpira wa sukulu ndi sukulu kuno, makolo ataima m'mbali ndi ndodo, amvetsa chifukwa chake zimenezi zimandikoka. Komanso ndi masewera amene mtsikana ndi mnyamata angasewere timu imodzi, ngakhalenso mwana woyenda pa njinga ya olumala, pamthunzi, nthawi imene panja sipapondeka.

Ndinapita nacho chithunzi kwa bambo wina wokonza njinga za kabaza pamsika. Anapukuta manja pa ovolosi, anakuza chithunzicho ndi zala, n'kuyang'anitsitsa kunsi kwa mwalawo.

"Aphunzitsi, awa si maberingi atatu basi? Pezani mapoto akale ofanana kukula. Tithiramo simenti, chogwirira tipinda chitsulo cha handulo. Koma pansi panu pakhale posalala, apo ayi muzidzandinena ine."

Pansi pathu si posalala. Holo ya pasukulu ili ndi ming'alu iwiri yodutsa pakati, ndipo mbali ya kukhomo inatsika madzi atalowa. Ndayeza mbali ya kumtunda, pakhoza kutuluka kanjira ka mamita 10 ngati titasuntha madesiki ndi kumata ndi thumba limodzi la simenti. Mkati mwa sabata muli makalasi, Lamlungu amabwereka a mpingo, nthawi ya mayeso simulowedwa. Latsala ndi Loweruka masana. Mapoto azakhali alonjeza awiri, ati enawo ndikapemphe kwa akazi anga.